"Nkhani ikufufuzidwa" asamakhale mawu otsekera mafayilo a polisi mpaka kalekale

Apolisi amalemba zinthu zambiri kuposa mmene ambirife timaganizira. Munthu akabwera kudzadandaula kuti waberedwa amalemba, akagwira munthu amalemba nthawi imene wamangidwa, amene wamumanga, zomwe zinali m'thumba mwake, nthawi yolowa m'selo ndi yotuluka, kaya anadandaula kuti akudwala, kaya anabwera ndani kudzamuona. Mfuti ikamatuluka amasainira, zipolopolo amawerenga, galimoto nayo ili ndi buku lake loonetsa kuti yapita kuti ndipo ndi ndani. M'mayiko ambiri pa kauntala pamakhala buku lija amangoti OB, loti chilichonse chochitika pa siteshoni chizilowamo ndi nthawi yake, ndiye masiku ano kwina kwawonjezekera mavidiyo a makamera ovala pachifuwa ndi ena okhala m'galimoto, komanso mawu ojambulidwa a anthu oimba foni kupempha thandizo. Zonsezi amalemba ndi anthu olipidwa ndi misonkho, pa mapepala ogulidwa ndi misonkho, ndipo nkhani zake ndi zokhudza ife eni akefe. Koma tayesani kupita kukapempha kopi ya tsamba limodzi lokha muone diso limene akuyang'aneni nalo.

Ine apa sindizungulira. Zolemba za polisi zizikhala zotsegula, ndipo wofuna kubisayo ndi amene azituluka thukuta kufotokoza chifukwa chake, osati wopempha azichita kugwada ndi kulongosola mbiri ya moyo wake wonse kuti amumvere chisoni. Panopa m'malo ambiri zinthu zili chagada, fayilo imayamba ili yotseka ndiye iweyo ubwere ndi chifukwa choitsegulira, chonsecho woweruza ngati chifukwa chakocho ndi chomveka ndi yemwe uja amene mwina fayiloyo ikumunena.

Lipoti la polisi ndi loyamba kulembedwa, ndipo choyamba kulembedwa chimakhala ndi mphamvu yoopsa. Mtolankhani amayambira pomwepo, loya wa boma amayambira pomwepo, a inshuwalansi akafuna kulipira kapena kukana amafunsa lomwelo, ngakhale abale a munthu wakufayo nthawi zambiri chimene amayamba kumva ndi chimene wapolisi analemba. Nkhani ikakhala yoti mbava zathyola nyumba palibe vuto kwenikweni, wapolisi alibe mbali. Koma munthu akavulala kapena kufa ali m'manja mwa apolisi, wolemba lipoti uja amakhala mmodzi mwa anthu a mu nkhaniyo. Sindikuti apolisi onse ndi abodza ayi, ambiri amangolemba zomwe aona basi, usiku, atatopa. Ndikungoti munthu wina aliyense, kaya ndi m'busa kaya mphunzitsi kaya ineyo, mukamupatsa mpata woti alembe yekha za tsiku limene zinthu zinamulakwikira n'kumutsimikizira kuti palibe wina adzawerenge, alemba modzikomera.

Taonani zomwe zinachitika mu mzinda wa Chicago ku America. Pa 20 Okutobala 2014 wapolisi wotchedwa Jason Van Dyke anawombera ka 16 mnyamata wa zaka 17, Laquan McDonald. Malipoti a apolisi omwe analipo ankati mnyamatayo, yemwe anali ndi mpeni m'manja, anawalunjika moopseza, ndipo kwa chaka chathunthu nkhani inali imeneyo. Mzinda unafika povomera kulipira banja lake madola 5 miliyoni mu Epulo 2015 anthu wamba asanaone vidiyo ya kamera ya m'galimoto ya polisi. Mtolankhani wina wosalembedwa ntchito ndi nyumba iliyonse yofalitsa nkhani, Brandon Smith, anapempha vidiyoyo potsatira lamulo lopemphera zolemba za boma la ku Illinois, chigawo chomwe kuli Chicago, anamukaniza ati nkhani ikufufuzidwa, iye anakasuma kukhoti, jaji n'kulamula kuti ituluke. Inatuluka pa 24 Novembala 2015, patapita miyezi 13, ndipo imaonetsa mnyamata uja akuyenda motalikira apolisi pamene zipolopolo zimayamba. Tsiku lomwelo, maola ochepa vidiyo isanaonetsedwe, ndi pamene Van Dyke anatsegulidwira mlandu wakupha, ndipo mu 2018 anamupeza wolakwa. Ndiye mundiuze, vidiyoyi akuluakulu anali nayo miyezi yonseyi, chinasintha n'chiyani pa tsiku limenelo? Umboni unali womwewo. Chinasintha ndi choti tsopano aliyense auona.

Ya ku England ndiye imandiwawa kwambiri chifukwa cha kutalika kwake. Pa 15 Epulo 1989 pa bwalo la Hillsborough mu mzinda wa Sheffield panali masewero a ndime ya semifainolo ya FA Cup pakati pa Liverpool ndi Nottingham Forest, anthu anapanikizana kumbuyo kwa golo ndipo 96 anafa, wa nambala 97 anadzawerengedwa mu 2021 atakhala zaka zonsezo ndi zovulala za tsikulo. Mkulu wa apolisi pa bwalopo, David Duckenfield, ndi amene analamula kuti geti lina litsegulidwe, koma mbiri yomwe inayamba kuyenda inali yoti masapota anathyola okha geti, ena n'kumawonjezera kuti anali oledzera. Kafukufuku wa jaji Lord Justice Taylor chaka chomwecho ananena poyera kuti vuto lalikulu linali kulephera kwa apolisi kuwongolera khamu, komabe chitonzo chija chinakakamira pa akufa ndi abale awo kwa zaka 23. Mu 2012 gulu loima palokha lotsogozedwa ndi Bishopu James Jones wa ku Liverpool linatulutsa zomwe linapeza litawerenga masamba oposa 450,000 a zolemba zomwe zinali zitatsekeredwa, ndipo linapeza kuti masitetimenti 164 a apolisi anasinthidwa, mwa iwo 116 anachotsamo mawu omwe akanaipitsa polisi ya South Yorkshire, yomwe imayang'anira Sheffield. David Cameron, yemwe anali nduna yaikulu, anapepesa m'nyumba ya malamulo, ndipo mu 2016 khoti lofufuza za imfa linagamula kuti anthu aja anaphedwa mosemphana ndi lamulo. Paja akuti mlandu suwola, koma makolo ena anamwalira asanamve chigamulochi. Ndipo chimene ndikufuna muone apa ndi chakuti sipanatulukire mboni yachilendo yochokera kumwamba ayi, choonadi chinali m'mapepala a apolisi eni ake, zomwe wapolisi wamba analemba ndi dzanja lake poyamba zili apa, zomwe anamukonzera zili apo, kungoziyika pambali pa zinzake basi nkhani n'kuonekeratu.

Ku South Africa nako, apolisi atawombera n'kupha ogwira ntchito mumgodi 34 ku Marikana pa 16 Ogasiti 2012, komishoni ya jaji wopuma Ian Farlam inadzalengeza mu 2013 kuti italoledwa kuona za m'makompyuta a polisi inapezamo zolemba zomwe apolisi ankati kulibe.

Lamulo loti munthu akhoza kupempha zolemba za boma si lachilendo. Sweden inali nalo kale mu 1766, America inakhazikitsa Freedom of Information Act mu 1966, South Africa mu 2000, la ku Britain linayamba kugwira ntchito mu 2005, India chaka chomwecho, la ku Malawi linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2016 n'kudzayamba kugwira ntchito mu 2020, Zambia inasainira lake mu 2023, ndipo panopa mayiko oposa 100 ali ndi lamulo lotere. Ukamawerenga mndandanda ngati umenewu umaganiza kuti nkhondo inatha. Koma polisi ndi malo amene malamulo amenewa amakafookera, pafupifupi kulikonse. Ku America komwe anthu amakonda kukutchula, lamulo la 1966 lija limagwira nthambi za boma lalikulu zokha, polisi ya mu mzinda kapena m'dera imayendera lamulo la chigawo chake, ndiye chimene munthu wa chigawo china amachipeza pa masiku ochepa mnzake wa kutsidya kwa malire sangachione n'komwe. Ku New York kunali ndime ina ya lamulo yotchedwa 50-a yomwe kuyambira 1976 inkabisa mbiri ya madandaulo ndi zilango za apolisi, wapolisi akhoza kukhala ndi madandaulo mulu koma iwe wokumana naye panjira osadziwa kanthu, ndipo inachotsedwa mu Juni 2020 anthu atadzaza m'misewu chifukwa cha imfa ya George Floyd, yemwe wapolisi wa mu mzinda wa Minneapolis anamupondereza ndi bondo pakhosi mpaka kufa. Paja chikalata choyamba chomwe polisi ya Minneapolis inatulutsa pa imfa ya Floyd chinkanena za munthu wofa atadwala mwadzidzidzi pokumana ndi apolisi, za bondo la pakhosi munalibemo, zinadziwika chifukwa mtsikana wina wodutsa anajambula pa foni.

Tsono tibwere pa mawu aja, "nkhani ikufufuzidwa." Ine sindikuwakana onse. Kufufuza mlandu kumafuna chinsinsi ndithu, simungauze mbava kuti mawa tikubwera kudzachita chipikisheni kwanu, simungatulutse dzina la munthu amene anatsina khutu apolisi pokhapokha mukufuna aphedwe, ndipo mboni ikawerenga zomwe inzake yanena isanafunsidwe umboni wake umaonongeka. Malamulo onse abwino amalola kubisa zinthu ngati zimenezi ndipo akuyenera kutero. Vuto langa ndi loti mawu awiriwa amagwiritsidwa ntchito kutsekera fayilo yonse, kwa nthawi yosadziwika, popanda wina wofunsa kuti kodi akufufuza ndani, wafika pati, anaigwira liti komaliza. Mlandu ukhoza kukhala "ukufufuzidwa" zaka khumi uli m'kabati ukudyedwa ndi chiswe. Nanga nthawi imene munthu analowa m'selo ikuononga bwanji kafukufuku? Dzina la wapolisi amene anali pa ntchito usiku umenewo? Chiwerengero cha zipolopolo zomwe zinabwerera? Zimenezi sizithandiza mbava iliyonse kuthawa, zimangovuta kwa munthu amene akufuna nthawi ndi mayina zidzagwirizane ndi nkhani yomwe akadaikonza. Njira yake ndi yophweka ndipo mayiko ambiri anailemba kale m'malamulo awo, ngati m'tsamba muli mizere itatu yoopsa detsani mizere itatuyo ndi inki yakuda mupereke zotsalazo, mulembe ndime ya lamulo yomwe mwatsamira, ndipo kubisako kukhale ndi tsiku lothera loti likafika mukapemphenso chilolezo kwa wina amene si wapolisi.

Kukana kwenikweni ndi kosowa, chofala ndi kukutopetsa. Abwana osainira kulibe, bwerani mawa, fomu yatha, pempho lanu silikumveka lembaninso, fayilo inapita ku likulu, makina ojambulira mapepala anaonongeka, kapena akutchulira mtengo wa kopi woti ungoseka n'kubwerera. Kwina mpaka kuwononga kumene. Chigawo cha California ku America chitakhazikitsa lamulo lotsegula zolemba za apolisi owombera anthu ndi opezeka ndi bodza, loyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019, khonsolo ya mzinda wa Inglewood inavomereza mu Disembala 2018 kuti mafayilo akale otere awonongedwe, masabata ochepa lamulo lisanayambe. Iwo ankati akungotsatira ndondomeko ya nthawi yosungira mapepala. Mwina, koma nthawi yake inasankhidwa mwaluso bwanji.

Apa ndi pomwe ndimawagomera amwenye. Lamulo lawo la 2005 limapereka masiku 30 oti wopempha ayankhidwe, maola 48 okha ngati nkhaniyo ikukhudza moyo kapena ufulu wa munthu, ndipo wa mu ofesi akachedwetsa popanda chifukwa chomveka akhoza kulipitsidwa marupi 250 pa tsiku mpaka kufika 25,000, zochokera m'thumba mwake osati mwa boma. Sikuti chilangochi chimaperekedwa nthawi zonse ayi, koma nzeru yake ndi yolondola. Tsiku lomalizira lopanda chilango ndi pempho chabe, ndipo chindapusa cholipiridwa ndi boma ndiye kuti wodandaula uja akudzilipira yekha kudzera m'misonkho. Munthu amathamanga pamene kuchedwa kukumudyera malipiro ake.

Pali mfundo imodzi ya otsutsa yomwe ndimaiona kuti ndi yolemera, ndipo si ya apolisi, ndi ya anthu olembedwa m'mafayilomo. M'fayilo ya polisi mumakhala tsiku loipitsitsa pa moyo wa munthu, mayi wogwiriridwa, mwana wozunzidwa, bambo amene anafuna kudzipha, mnyamata amene anamangidwa molakwika n'kutulutsidwa m'mawa mwake. Kutsegula zonse mwachisawawa ndi nkhanza. Ku America kumene zithunzi za omangidwa zimapezeka mosavuta m'zigawo zina kunabuka bizinesi yonyansa, anthu kumatola zithunzizo kuziyika pa intaneti kenako n'kumauza mwini nkhope kuti alipire ngati akufuna chichotsedwe, munthu woti khoti silinamupeze ndi mlandu uliwonse kumakanidwa ntchito chifukwa dzina lake ukalisaka chimatuluka ndi chithunzi cha kupolisi. Zimenezo si zomwe ndikumenyera. Chofunika kuonekera ndi zochita za wogwira mphamvu, amene wapatsidwa yunifomu, unyolo ndi mfuti m'dzina la tonsefe, osati manyazi a munthu wamba amene wagwa m'mavuto. Khoti lalikulu la ku India linayesa kudula pakati mu 2016 pamene linalamula kuti malipoti oyamba a milandu aziikidwa pa intaneti pasanathe maola 24, kupatula a milandu ngati yogwiririra, yokhudza ana ndi ya uchigawenga. Mukhoza kutsutsa pomwe anadula, ineyo ndikanakonda mayina a ongoganiziridwa atetezedwe kuposa pamenepo, koma anaganizirapo mbali zonse ziwiri.

Chomwe chimandiseketsa, kuseka kowawa, ndi choti chinsinsi cha anthu amachikumbukira pamene chikuteteza iwowo. Polisi yomweyo imene ikukaniza dzina la wapolisi wowombera munthu ati tikulemekeza ufulu wake, mawa lake ikuika pa Facebook chithunzi cha woganiziridwa atakhala pansi ndi unyolo, dzina, zaka ndi kwawo zonse zili pompo, khoti lisanamve n'komwe mlandu wake. Ngati chinsinsi chili chofunika chiyambire kwa wopanda mphamvuyo.

Ena amati siteshoni yaing'ono ilibe anthu okwanira, wapolisi asiye kuthamangitsa mbava azikajambula mapepala? Zoona, ntchito imakula, ndipo alipo anthu ena opempha zinthu mulu mongovutitsa. Koma mapempho ambiri amafunsa zinthu zomwezomwezo, ndiye bwanji osangozitulutsa mwezi ndi mwezi wina asanafunse, anthu angati amangidwa ndipo pa milandu yanji, angati anasungidwa kupitirira nthawi yololedwa asanaonekere kukhoti, angati avulala kapena kufera m'selo, mfuti inalira kangati, madandaulo okhudza apolisi alowa angati ndipo atha bwanji. Mulibe dzina la munthu wamba mmenemu ndipo ndi masamba awiri basi. Siteshoni imene singathe kuwerenga anthu omwe yawatsekera mwezi uno ili ndi vuto lalikulu kuposa kuchepa kwa antchito.

Kwa inu amene mukufuna kupempha, pakamwa pokha musadalire. Lembani kalata kapena fomu ngati ilipo, ikani deti, ndipo kopi yanu aidinde sitampa kapena wolandirayo asainire, chifukwa masiku a lamulo amayamba kuwerengedwa pempho likalandiridwa ndipo popanda umboni adzangoti sitinalione. Musalembe kuti ndikufuna zonse zokhudza nkhani yakuti, mwawapatsa kale pothawira, tchulani chinthu chenicheni, tsamba la OB la tsiku lakuti kuyambira ola lakuti mpaka lakuti, buku la m'selo, mndandanda wa omwe anali pa ntchito, nambala ya mlandu ngati muli nayo. Ngati pali vidiyo fulumirani ndipo mulembe kuti isungidwe, makina ambiri amafufuta okha pakapita nthawi. Akakana muwauze akane polemba ndi kutchula ndime ya lamulo, ambiri amayamba kufewa pamenepa chifukwa kukana pakamwa n'kosavuta koma kusainira kukanako ndi nkhani ina. Ndipo dziwani komwe apilo imapita, kwina ndi kwa komishonala woona za mauthenga, kwina ku bungwe la ufulu wa anthu, kwina ndi kukhoti basi. Chinanso, ngati inuyo ndi amene mukuzengedwa mlandu njira yanu yaikulu si imeneyi, umboni womwe boma likufuna kugwiritsa ntchito pa inu mumaufuna kudzera kukhoti ndi loya wanu, ndipo ufulu umenewo nthawi zambiri ndi wamphamvu kuposa wa munthu wongopempha ngati nzika.

Koma ndikamalemba malangizo amenewa ndikudziwa kuti kupempha fayilo ku polisi sikufanana ndi kupempha ku ofesi ya zamadzi. Amene ukumufunsayo ali ndi mphamvu yokumanga, akudziwa komwe umakhala chifukwa walemba wekha pa fomu, ndipo mawa ukaberedwa udzapita kwa yemweyo. Ku India anthu angapo ogwiritsa ntchito lamulo lija aphedwa, Satish Shetty anaphedwa pafupi ndi Pune mu Januwale 2010 atavumbula zachinyengo pa nkhani za malo, Amit Jethwa anawomberedwa mu Julayi chaka chomwecho pafupi ndi khoti lalikulu la Gujarat ku Ahmedabad atalimbana ndi migodi yosaloledwa. Ngati kufunsa za malo ndi migodi kukufika pamenepo, mayi amene mwana wake wafera m'selo mukuganiza kuti alimba mtima bwanji kukaima pa kauntala ya siteshoni yomweyo kupempha buku la usiku umenewo? N'chifukwa chake ndikuti pempho lokhudza polisi lisamalandiridwe ndi siteshoni yomwe ikukhudzidwayo. Lizipita ku ofesi ina yakunja, yosavala yunifomu, yokhala ndi mphamvu yolowa n'kutenga bukulo tsiku lomwelo lisanang'ambidwe tsamba, ndipo munthu akafera m'manja mwa apolisi zolemba zonse za maola amenewo zizitengedwa ndi ofesiyo pompopompo popanda kudikira kuti wachibale apemphe, kopi imodzi n'kupita kwa banja.